Penti wa madzi wonyezimira ngati golide: chimene chili mkati, kapentedwe ndi kasungidwe kake

Anthu ambiri amene amapanga pamanja makhadi a ukwati, a chinkhoswe kapena a Khirisimasi amadandaula chimodzimodzi akangoyamba kugwiritsa ntchito penti wa madzi wonyezimira. M'kambale kake amaoneka golide weniweni, waliwali, koma akafika papepala n'kuuma amangoti mbuu, pena powala pena pozima, ndipo ukakhudza, wina amatsalira kuchala. Ena amafulumira kunena kuti anawagulitsa penti wachinyengo. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri vuto limakhala loti munthu akumutenga ngati penti wa madzi wamba, pomwe mkati mwake muli zinthu zina. Mukadziwa chimene chili m'kambalemo, malangizo a kapentedwe ndi kasungidwe simuchita kuloweza, mumatha kuwaganiza nokha.

Penti wa madzi wamba ndi ufa wa mtundu, wosalala kwambiri, wosakanizidwa ndi guluu wosungunuka m'madzi. Tinjere ta ufawo n'tating'ono zedi, tambiri sitipitirira micron imodzi kapena ziwiri, ndipo micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tinjereto timalowerera m'mipata ya ulusi wa pepala. Kuwala kumadutsa mu pentiyo, kukagunda pepala loyera, n'kubwerera m'maso mwathu kutatengako mtundu. N'chifukwa chake penti wamba saoneka bwino papepala lakuda, palibe choyera chobweza kuwalako.

Mu penti wonyezimira muli tizibenthu tafulati, topyapyala kwambiri, ta mwala wotchedwa mica. Ndi mwala womwe uja umang'anima mumchenga wa m'mitsinje dzuwa likawomba, umene ukaupeza waukulu umasendeka ndi chikhadabo m'magawo opyapyala. Ku fakitale amaupera, amausefa potengera kukula kwa tizibenthuto, kenako amakuta kabenthu kalikonse ndi mankhwala oyera otchedwa titanium dioxide, kapena iron oxide amene ndi chimodzimodzi dzimbiri la chitsulo, kapenanso zonse ziwiri. Tizibenthu ta penti wambiri ndi ta ma micron 10 mpaka 60 m'mimba mwake, koma kuchindikala kwake sikufika micron imodzi. Kuti muone kukula kwake, tsitsi limodzi la munthu limakhala pafupifupi ma micron 70. Tizibenthu tosapitirira ma micron 25 timawala mofatsa, mosalala. Topitirira 100 timathwanima kamodzikamodzi, kabenthu kalikonse n'kumaoneka pakokha.

Chodabwitsa n'chakuti mica yekha alibe mtundu wodziwika, ndipo titanium dioxide ndi woyera. Nanga golide, buluu ndi kubiriwira kuja zimachokera kuti? Zimachokera pa kuchindikala kwa chokutiracho. Kuwala kukafika pa kabenthu, kwina kumabwerera pamwamba pomwepo, kwina kumalowa n'kukabwerera pamene chokutira chakumana ndi mica. Kuwala kuwiriku kukakumananso, mitundu ina imalimbikitsana, ina imazimitsana. Chokutira cha ma nanometre pafupifupi 40 mpaka 60 chimabweza kuwala kwa siliva, cha 60 mpaka 80 chimabweza chikasu cha golide, cha 80 mpaka 100 chimafiira, chikachindikala kuposa apo chimalowa ku buluu kenako kubiriwira. Nanometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a micron ija. Kusiyana kochepa chonchi ndi kumene kumalekanitsa siliva ndi golide m'bokosi lanu.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya pepala lakuda. Kabenthu kobweza chikasu kamalola buluu kudutsa kupita pansi. Pepala likakhala loyera limabweza buluuyo, amasakanikirananso ndi chikasu chija, diso n'kuona chinthu chotuwa chowala pang'ono. Pepala likakhala lakuda limameza buluuyo, chotsala ndi chikasu chokha, chowala kwambiri. Ndiye penti amene palebulo palembedwa interference musamuweruze papepala loyera, sikwawo. Koma wa golide, wa mkuwa ndi wofiirira amene ali ndi iron oxide amakhala ndi mtundu wakewake kuwonjezera pa kunyezimirako, choncho amaoneka pa mapepala onse awiri.

Ufa wotere si wakale kwenikweni. Anthu amene ankakongoletsa mabuku olembedwa pamanja ku Ulaya zaka mazana ambiri zapitazo ankapera golide weniweni pamodzi ndi uchi, n'kutsuka uchiwo, kusakaniza ufawo ndi utomoni, n'kumausunga m'zigoba za nkhono za m'madzi. Cha m'ma 1656, Jaquin, wopanga makolona ku France, anapeza kuti zonyezimira za pa mamba a tinsomba ta mumtsinje zikhoza kukutira mikanda kuti ioneke ngati ngale. M'zaka za m'ma 1840, Henry Bessemer wa ku England anapeza chuma popanga makina operera ufa wa mkuwa wosakaniza, umene nthawi imeneyo unkachokera ku Nuremberg ku Germany pa mtengo wokwera. Anabisa njira yakeyo kwa zaka zambiri, ndipo ndalama zake zinamuthandiza pa ntchito yoyenga chitsulo imene inamutchukitsa. Mica wokutidwa ndi titanium dioxide anabwera mochedwa: kampani ya DuPont ya ku America inalandira umwini wa njirayi mu 1963, kenako makampani a Mearl ndi Merck anayamba kumupanga wochuluka. Lero ufa womwewu uli mu penti wa magalimoto ndi m'zodzoladzola.

Mbiriyi ili ndi ntchito kwa inu chifukwa ufa wachitsulo chenicheni ukadalipo pamsika, ndipo sasungidwa mofanana ndi mica. Mica wokutidwa sachita dzimbiri, sada, ndipo dzuwa silimufwifwitsa. Ufa wa mkuwa ndi zinki, umene umapereka golide wowala kuposa wa mica, umada kapena kubiriwira ukakhalitsa m'madzi, makamaka m'guluu wokhala ndi asidi pang'ono. N'chifukwa chake kampani ya Schmincke ya ku Germany imagulitsa Aqua Bronze ali ufa wouma m'botolo, wosakanizidwa kale ndi guluu wouma, kuti muthire madzi pa nthawi yopenta yokha. Wotereyu sungunulani wokwanira ntchito ya tsikulo basi, ndipo m'botolomo musalowe burashi yonyowa. Timbale ta Finetec ndi Coliro ta ku Germany, Starry Colors ya mitundu 6 ya kampani ya Kuretake ya ku Nara ku Japan, ndi machubu onyezimira a Daniel Smith a ku Seattle, zonsezi ndi za gulu la mica.

Chachiwiri chofunika kudziwa ndi guluu. Mu penti wa madzi wambiri guluuyo ndi gum arabic, utomoni wouma wa mitengo ya minga ya mtundu wa Acacia, umene wochuluka padziko lonse umachokera ku Sudan. Utomoniwu ukauma umagwira, koma ukakumana ndi madzi umasungunukanso, kaya papita tsiku kaya zaka. Opanga amawonjezerapo glycerine, yemwe uja timadzola pakhungu, kuti penti asaume gwa n'kumakana madzi. Kampani ya Winsor & Newton ya ku London inayamba kuchita izi mu 1835. Makampani ena, monga Sennelier ndi M. Graham, amathira uchi. Glycerine ndi uchi zimakoka chinyezi cha mumpweya. Popenta zimenezi n'zothandiza, koma posunga ndi pamene pamayambira mavuto, monga tionere kutsogoloku.

Ndiye tili ndi tizibenthu tatikulu, tolemera pafupifupi katatu kuposa madzi, togwidwa ndi guluu wosungunuka. Tizibenthuti sitilowa m'pepala, timakhala pamwamba. Ndipo timanyezimira pokhapokha titagona chafulati, tonse kuyang'ana kumodzi, kabenthu kusanjikizana ndi kanzake. Tikaima chopendekeka, kena uku kena uko, kuwala kumabalalika, ndiye kumbuwa kuja.

Poyamba kupenta, musakande kambale kouma ndi burashi yonyowa monga mumachitira ndi penti wamba. Mukatero mumangotenga guluu wa pamwamba ndi tizibenthu towerengeka, komanso mumaononga nsonga ya burashi. Donthezani madontho awiri kapena atatu a madzi oyera m'kambalemo, muwasiye kwa mphindi 3 mpaka 5 kuti guluu afewe mpaka pansi pang'ono. Kenako takasani modekha. Penti wapsa pamene burashi ikadutsa imasiya kanjira kotsekeka pang'onopang'ono, ndipo mukapendeketsa kambale amayenda mwaulesi. Akachuluka madzi, tizibenthu timatalikirana ndipo pepala limaonekera pakati. Akalimba kwambiri, amauma tisanapeze mpata wogona, n'kusiya mizere ya burashi.

Kutakasa si kwa poyamba pokha. Penti ameneyu ali ngati thobwa, mukamusiya pang'ono zolemera zimakhala pansi, pamwamba n'kutsala madzi okhaokha. Choncho nthawi iliyonse mukabwerera kukambale, zungulizani burashi kawiri katatu musanatenge. Amene amalemba mayina pa maenvelopu ambiri amaona kuti oyambirira atuluka owala, apakati otuwa, omalizira olimba mopitirira. Chachitika n'chakuti anasiya kutakasa, ndipo madzi anali kuuma pang'onopang'ono m'kambalemo osawonjezera dontho.

Papepala, burashi idutse kamodzi kapena kawiri, kulowera kumodzi, ikhale yodzaza bwino, kenako musiyeni. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti anthu ambiri amalephera, chifukwa dzanja limafuna kubwerera kukakonza. Penti akali wonyowa, tizibenthu timayandama, ndipo madzi akamalowa m'pepala ndi kuuma timatsika n'kugona tokha. Mukabwererapo atayamba kugwira, mumatidzutsa n'kutisiya choimirira, guluu n'kutimanga momwemo. Ngati malo ena aoneka osakwanira, dikirani aume kwathunthu, ndiye muikepo wachiwiri mopepuka, osakanikiza, popeza madzi a wachiwiriyo amasungunula woyamba. Kupaka kawiri mopyapyala kumawala kuposa kupaka kamodzi mochindikala, ndiponso sikusweka khadi likapindidwa. Komabe pewani kupenta pamzere wopinda weniweniwo.

Pepala nalo limalamula. Losalala, limene ogulitsa amati hot pressed, limalola tizibenthu kugona mofanana, ndipo golide amatuluka ngati chitsulo chopukutidwa. Lokhakhala limatipendeketsa m'timapiri ndi timaenje take, kuwala n'kukhala kobalalika, kothwanimathwanima. Zonse n'zokongola, kungoti muzidziwa chimene mukufuna musanagule. Pa zilembo ndi mizere yopyapyala ine ndingasankhe losalala nthawi zonse. Kulemera kwa pepala kukhale pafupifupi magalamu 300 pa sikweya mita ngati mupenta malo aakulu, apo ayi limapindika. Pepala la mu printa, la magalamu 80, limamwa guluu msanga n'kusiya tizibenthu topanda chotigwira, ndiye tija timatsalira kuchala. Mapepala akuda opangidwira penti wa madzi alipo, monga Stonehenge Aqua Black, koma khadi lakuda wamba lolimba limagwira ntchito pa zilembo. Liyeseni kaye pakona ndi dontho la madzi, chifukwa ena amatulutsa utoto wake wakuda n'kudetsa golide. Pepala loterera la zithunzi limakana madzi, penti amangochita madontho.

Pali nzeru ina yakale imene amisiri omata golide pa mafelemu ndi pa zithunzi za m'matchalitchi akhala akuchita: pansi pa golide amayamba apaka dongo lofiira. Inunso mukhoza kutengerapo. Pentani kaye malowo ndi penti wamba wofiirira kapena wachikasu chodera, aume, ndiye muikepo golide. Mipata iliyonse pakati pa tizibenthu imaonetsa kufiirako m'malo mwa pepala loyera, golide n'kuoneka wakuya, wotentha. Pansi pa siliva ikani wotuwa kapena wabuluu woderako. Njirayi imapulumutsanso penti wodulayo, chifukwa kupaka kamodzi kumakwana.

Kusakaniza wonyezimira ndi penti wamba m'mbale n'kotheka, koma sankhani mitundu yoonekera mkati. Penti wophimba, monga woyera kapena wa mtundu wa gouache, amakwirira tizibenthu ndipo kuwala kumathera pomwepo. Chimodzimodzi mukapaka penti wamba pamwamba pa golide wouma, mumamuphimba komanso mumamudzutsa, tizibenthu n'kumwazikira pomwe simunafune. Wonyezimira azikhala womalizira.

Tizibenthuti timalowerera paliponse. Timabisala m'munsi mwa ubweya wa burashi, timayandama m'kapu ya madzi, ndipo tsiku lina mudzapenta thambo kapena nkhope ya munthu n'kupeza ikuthwanima. Khalani ndi kapu ya madzi yakeyake ndi burashi imodzi kapena ziwiri za ntchito imeneyi yokha, za ubweya wa nailoni zotsika mtengo. Burashi yodula ya ubweya wa nyama siiyenera pano, kutakasa kumaitha msanga. Mukamaliza, tsukani ndi sopo wofatsa mpaka kumunsi kwa ubweya, muiumitse itagona. Olemba zilembo ndi cholembera choviika asaviike m'kambale, atenge penti ndi burashi n'kupaka kunsonga ya cholemberacho. Nsonga yatsopano imabwera ndi mafuta a ku fakitale, itsukeni ndi sopo kuti penti agwire. M'cholembera chokhala ndi thanki ya inki musathiremo, amatseka njira.

Pa zinthu zina za luso la manja, ndi bwino kunena mosabisa pamene penti ameneyu amalekezera. Pa thabwa, pa chipanda, pa mbiya ya dongo kapena pa katoni amagwira, koma zinthuzi zimamwa guluu, choncho yambani mwapaka gesso, amene ndi penti wapansi wokonzera malo opentapo, kapena penti wa acrylic wosawala, makamaka wakuda. Pa galasi, pa pulasitiki ndi pa chitsulo sagwira. Pa nsalu amaoneka bwino mpaka tsiku lochapa. Chinthu chilichonse chimene chidzagwidwagwidwa ndi manja a thukuta, kunyowa kapena kukhala panja, monga ndolo, zibangili ndi miphika ya maluwa, chimafuna penti wonyezimira wa acrylic, amene akauma sasungunukanso. Ndipo ngakhale pabokosi palembedwe kuti alibe poizoni, si wopaka pa keke kapena pankhope ya mwana. Za keke ndi za khungu zili ndi ufa wake wopangidwira zimenezo.

Ngati golide wouma akutsalira kuchala, guluu wachepa. Botolo laling'ono la gum arabic wamadzi limathetsa zimenezi, dontho limodzi m'kambale potakasa. Musapitirize, chifukwa akachuluka penti amauma n'kung'aluka. Pofuna kuteteza ntchito yomalizidwa, vanishi wopaka ndi burashi ndi woopsa, amakoka pentiyo. Gwiritsani ntchito wopopera, mutaima patali pang'ono, mopyapyala kawiri kapena katatu, panja kapena pamalo opita mphepo. Akhale wowala. Vanishi wosawala ali ndi tinthu tobalalitsa kuwala dala, ndipo amazimitsa golide yense. Ngakhale wowalayo amasintha maonekedwe pang'ono, choncho yesani pa kapepala kena kaye. Mankhwala opopera tsitsi, amene ena amalimbikitsa, sanapangidwire pepala ndipo akhoza kulisandutsa lachikasu pakapita nthawi. Chithunzi cholowa m'felemu ya galasi sichifuna vanishi, koma pakhale katoni kozungulira kuti penti asakhudze galasi.

Kwa amene amatsatsa makhadi pa WhatsApp ndi Facebook, dziwani kuti makina a sikana ndi fotokope sagwira kunyezimira, amatulutsa chikasu chodera kapena kutuwa. Jambulani ndi foni pafupi ndi windo, kuwala kuchokere m'mbali, mupendeketse khadi mpaka golide ayake. Kavidiyo ka masekondi ochepa mukulitembenuza kamaonetsa zoona kuposa chithunzi.

Tsopano za kusunga. Mica saola, koma utomoni, uchi ndi glycerine ndi chakudya cha chuku. Mdani wamkulu wa penti uyu ndi chivundikiro chotsekedwa pa kambale konyowa. Ndipo vutoli ndi lalikulu kuposa pa penti wamba, chifukwa tamuthira dala madzi ambiri n'kuwasiya alowerere. Mukamaliza ntchito, yamwitsani madzi otsala pamwamba ndi nsonga ya kansalu koyera, musiye bokosi lotsegula pamalo amthunzi opita mphepo usiku wonse. Pamwamba pakhoza kuoneka pouma pomwe pansi padakali phala, choncho dinani ndi chala, ngati pakulowa musatseke. M'miyezi ya mvula, kuyambira November mpaka April, komanso m'masiku a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, kuuma kumatenga nthawi yotalikirapo. N'chimodzimodzi m'nyumba zachinyezi za ku Britain nthawi yozizira. Poopa fumbi, phimbani ndi kansalu kopyapyala kapena sefa, osati pulasitiki.

Akauma ndithu, ndiye mukhoza kumuika m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala. Kontenayo imathandizanso pa nyerere ndi mphemvu, zimene zimakonda penti wa uchi ndipo mphemvu zimadya ngakhale wa papepala. Koma silica gel ndi wosunga chouma kuti chikhalebe chouma, sangathe kuumitsa kambale kodzaza madzi. Penti wa uchi m'malo otentha ndi achinyezi, monga kunyanja kapena ku Chikwawa ndi Nsanje, akhoza kukhala wonata osauma gwa. Wotereyu bokosi lake lizigona chafulati nthawi zonse. Mukaliimika m'chikwama, mitundu imayenderera n'kusakanikirana.

Chuku chikagwera, chimaoneka ngati ubweya woyera kapena timadontho tobiriwira ndi takuda, nthawi zina ndi fungo lachivundi. Kambale kameneko kachotseni pakati pa tinzake. Palani pamwamba ndi mpeni mpaka mufike pabwino, pukutani ndi thonje loviika mu sipiriti wa mankhwala wopanda mtundu, musiye kotsegula mpaka kaume. Tsukaninso bokosi ndi maburashi onse amene anakhudzako. Chikabwerera kachiwiri, mizu yake yalowa mkati, katayeni. N'zowawa kutaya penti wodula, koma chuku chimasamukira pa mapepala, ndipo papepala sichichoka. Madzi nawo amathandiza kupewa: a m'kapu yogonera amanyamula zoyambitsa chuku, ndiye muzitunga atsopano tsiku lililonse. Kumene madzi ndi a pachitsime kapena a matope, owiritsa n'kuzizira ndi abwino.

Kutentha kouma, monga kwa mu October, sikuopsa kwenikweni. Penti amatha kung'aluka, kufota, ngakhale kusiyana ndi kambale kake n'kumagwa. Sanaonongeke. Nyowetsani pansi pa kambale ndi dontho la madzi kapena la gum arabic, mubwezeretse chidutswacho, muchidine, chigwiranso. Chopewa ndi kusiya bokosi padzuwa kapena m'galimoto yotsekedwa, pamene timbale ta pulasitiki timapindika ndipo machubu amafufuma.

Machubu ali ndi khalidwe lawo. Chubu chofinya chinayambitsidwa ndi John Goffe Rand mu 1841, ndipo ubwino wake ndi woti mpweya sulowa, koma mkatimo tizibenthu tolemera timatsikabe n'kulekana ndi guluu. Mukatsegula chubu chokhalitsa n'kuona madzi onata ofiirira akutuluka poyamba, musawataye, ameneyo ndi guluu yemwe pentiyo akumufuna. Lowetsani kawaya koyera kapena kamtengo kotokosera m'mano, mutakase m'chubu momwemo. Pukutani pakamwa pa chubu musanatseke, chifukwa penti wouma pamenepo amamata chivundikiro kapena kusiya mpata wa mpweya. Chivundikiro chikakana, chiviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo, musapotokole ndi pulayala, chubu chimang'ambika. Chubu chikauma chonse, chichekeni ndi lumo, mugwiritse ntchito pentiyo ngati wa m'kambale. Wa m'mabotolo wamadzimadzi amafuna kukhutchumula kwambiri mpaka matope a pansi atasungunuka, ndipo muzithira wochepa pambale ina, wotsala asabwerere m'botolo. Wotsala pambale musamutsuke, musiyeni aume, adzadzukanso ndi dontho la madzi.

Ena amagula ufa wa mica n'kupanga penti wawo, ndipo n'zotheka: ufa, gum arabic wosungunula, ndi glycerine kapena uchi pang'ono. Chenjezo lake ndi loti musapere. Penti wamba amafuna kuperedwa pagalasi kuti asalale, koma mica mukamupera mumaswa tizibenthu ndi chokutira chake, kuwala n'kuchepa. Sakanizani mofatsa ndi mpeni wafulati. Dzazani kambale pang'onopang'ono, gawo lililonse liume musanawonjezere lina, apo ayi pakati pamatsala ponyowa. Penti wopanga nokha alibe mankhwala oletsa chuku amene mafakitale amathira, choncho ambiri amadonthezamo mafuta a clove, chokometsera zakudya chonunkhira, komabe amafunika kumusamala kwambiri. Ufa woumawo umauluka, valani chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo ana asakhale pafupi.

Pa nkhani ya ufayi pali chinthu chimene sindingachidumphe. Gawo lina la mica wa padziko lonse limakumbidwa m'maenje oopsa ku Jharkhand ndi Bihar ku India komanso kumwera kwa Madagascar, kumene kwapezeka ana akugwira ntchito. Mu 2017 makampani ndi mabungwe anakhazikitsa Responsible Mica Initiative pofuna kuthetsa zimenezi, ndipo palinso mica wopangidwa mu fakitale, wotchedwa synthetic fluorphlogopite, amene amakhala woyera ndi wosalala kuposa wokumba. Ngati muli ndi mwayi wosankha, funsani wogulitsa, kapena werengani zimene kampaniyo imanena za kumene imatenga mica wake.

Werenganinso lebulo pa nkhani ya kufwifwa. Makampani odalirika amalemba manambala a ufa: PW20 ndi mica, PW6 ndi titanium dioxide, PR101 ndi iron oxide wofiira. Zitatuzi zimapirira dzuwa kwa nthawi yaitali kwambiri. Koma pinki, pepo ndi buluu wowala wa m'mabokosi otsika mtengo kawirikawiri amakhala mica wa siliva wothiridwa utoto wamba, ndipo utotowo ukafwifwa pamatsala siliva yekha. Pa khadi la tsiku lobadwa zimenezi si vuto. Pa chithunzi chogulitsa choti chikapachikidwe pakhoma ndi vuto, ndipo wogula adzakumbukira dzina lanu. Kuyesa n'kosavuta. Pentani mzere wa mtundu uliwonse papepala, mulidule pakati, theka muliike m'buku lotseka, theka linalo mulimate pawindo lolowa dzuwa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muwayerekeze, mudziwa mitundu yoyenera ntchito yokhalitsa.

Makhadi omalizidwa nawo amafuna kusungidwa moganizira guluu uja. Musawaunjike asanaume bwino, ndipo ngakhale atauma, ikani kapepala kosalala kopyapyala pakati pa khadi ndi linzake, chifukwa kukhulana kumachotsa tizibenthu, ndipo nyengo yachinyezi guluu amafewa n'kumata kumsana kwa khadi la pamwamba. Mulu usakhale wautali, ndipo musaikepo cholemera. Timatumba ta pulasitiki togulitsira makhadi n'tabwino pokhapokha khadi litalowa louma, pa tsiku louma. Envelopu yolembedwa ndi golide kunja ikamapita kutali, ipopereni vanishi pang'ono kapena muiike mu envelopu ina yaikulu, ndipo adiresi ya panjira mulembe ndi inki yosasungunuka m'madzi.